MLIRI UMENE UNAGWA M'DZIKO LA MASEWERO

Pakati pa anthu okonda masewero a pa kompyuta pali nkhani zina zimene sizikalamba. Imodzi ya izo ndiyo ya mliri umene unagwa m'caka ca 2005, ndipo kufikira lero akatha kukangana za iyo mpaka pakati pa usiku. Ambiri a ife kuno ku sukulu timadziwa mpira wa pa foni wokha basi, ndipo tingayese kuti anthu otere alibe cina colankhula koma zigoli. Iai, si tero. Mkangano wao pa nkhaniyi ukhudza nthenda, khalidwe la munthu ndi cilungamo, ndipo anzanga a Fomu 3 ndi 4 amene muli kuphunzira za matenda opatsirana mudzapezamo kanthu.

Poyamba tiwadziwe masewerowo. Dzina lao ndi World of Warcraft, ndipo anapangidwa ndi kampani ya ku America yochedwa Blizzard, imene inayamba kuwagulitsa m'caka ca 2004. Munthu akhala pa kompyuta yace kunyumba, nalowa pa intaneti m'dziko longopeka la mizinda, nkhalango ndi zirombo. M'menemo ali ndi kamunthu kace kamene amakayendetsa, ndipo amakomana ndi anthu zikwizikwi amene ali kusewera pa nthawi yomweyo. Kamunthuko kamayamba kali kofooka pa msinkhu 1, ndipo masiku amenewo msinkhu wotsiriza unali 60. Kufika pamenepo inali nchito ya masabata ambiri, ndipo wosewera wa ku America ankalipira pafupifupi madola 15 mwezi uli wonse.

Pa 13 Sepitembala 2005 a Blizzard anatsegula malo atsopano ochedwa Zul'Gurub, kumene anthu 20 amphamvu ankapita pamodzi kukamenyana ndi cirombo cacikuru dzina lace Hakkar. Ciromboci cinkaponyera adani ace nthenda imene m'Cingerezi anaicha Corrupted Blood, ndiko kunena magazi oonongeka. Wogwidwa nayo mphamvu zace zinkatsika, ndipo yense woima pafupi naye ankaitenganso. Opanga masewero anafuna kuti nthendayo izithera komweko ku Zul'Gurub, koma anaiwala kanthu kamodzi. Alenje a m'masewerowo amayenda ndi ziweto, monga mimbulu ndi zimbalangondo, ndipo mwini akatha kubisa ciweto cace nkhondo ikakula ndi kuciitananso nthawi ina. Ciweto cobisidwa ciri ndi nthenda cinkaisunga. Mwini wace pofika mumzinda, pakati pa khamu la anthu, anaciitana, ndipo pomwepo moto unabuka.

Mizinda ikuruikuru ya Ironforge ndi Orgrimmar inadzala ndi mafupa. Amphamvu a msinkhu 60 anapirira ndithu, koma ofooka ankafa m'kamphindi. Coipitsitsa cinali ici: ogulitsa m'masitolo a mumzinda, amene sali anthu koma zithunzi zoyendetsedwa ndi kompyuta, anagwidwa nayo nthendayo koma osafa, nakhala akupatsira yense wodza kudzagula. A Blizzard anapempha odwala kuti akhale pa okha, koma ambiri sanamvere. Potsiriza anacita kuzimitsa makina ao ndi kuwayatsanso, nakonza colakwaco kuti ziweto zisatengenso nthenda.

Tsono cimene cimautsa mkangano ndico zocita za anthu m'masiku amenewo. Ena amene tianthu tao tinali ndi mphamvu yociritsa anathamangira mumzinda kukathandiza odwala. Ena anaima kutali nacenjeza apaulendo kuti asalowe. Ena anathawira kuchire. Ena anangopita kukaona cifukwa ca cidwi, natuluka atatenga nthenda. Ndipo panali ena amene anaitenga dala, naipereka kwa anzao mwa cifuniro, akuseka.

Gulu lina la okonda masewero limanena kuti palibe mlandu pamenepa. Iwo amati imfa ya m'masewero si imfa. Kamunthu kakafa kamasanduka mzukwa, kayenda kubwerera pamene pali mtembo wace, ndi kuukanso. Cimene catayika ndi mphindi zowerengeka ndi tindalama ta m'masewero tokonzetsera zida. Amatinso munthu amalowa m'masewero kuti apumule ku malamulo a tsiku ndi tsiku, ndipo wocita nkhanza m'menemo angakhale munthu wofatsa kunyumba kwao. Mau awa si opusa. Ife tomwe pa sewero la kumapeto kwa teremu timasankha mnyamata wabwino kuti akhale mfiti, ndipo palibe amene amamuopa m'mawa mwace ku dainingi.

Komabe ine sindibvomerezana nao kotheratu. Pa sewero lathu wolodzedwa amakhala atalola kulodzedwa. Koma uja wa msinkhu 10, amene anaweruka ku nchito madzulo, nalipira ndalama zace, napeza kuti sangaponde mumzinda osafa, sanalole kanthu. Kamunthu kanali kongopeka, inde, koma madzulo ace anali enieni, ndipo wina anamlanda. Wopereka nthendayo anadziwanso bwino kuti kuseri kwa kamunthuko kuli munthu, pakuti kukanakhala kopanda munthu sakanaona cosekeretsa.

Akatswiri a sayansi nawo anaimva nkhaniyi. M'caka ca 2007 dokotala wa ku Israel, Ran Balicer, analemba za mliriwu m'magazini ya akatswiri yochedwa Epidemiology, ndipo caka comweco Eric Lofgren ndi Nina Fefferman a ku America analemba m'magazini ya The Lancet Infectious Diseases. Bvuto la akatswiri a miliri ndi ili. Pofuna kudziwa m'mene nthenda idzafalire amacita masamu: wodwala mmodzi apatsira angati, ndipo pakatha masiku angati. Tinene kuti wodwala ali yense apatsira anthu 2 pa sabata. Pa sabata lacikhumi odwala atsopano adzakhala 1,024. Masamuwo ali bwino, koma sadziwa mtima wa munthu. Sanena kuti ndani adzathawa, ndani adzabisa kudwala kwace, ndani adzakana lamulo. Ndiponso palibe dokotala angaloledwe kuponya nthenda mumzinda kuti aone zimene anthu adzacite. M'masewero muja zinacitika zokha, mwa ngozi, pa anthu ambirimbiri. Fefferman anadabwa makamaka ndi aja opita kukaona cifukwa ca cidwi, pakuti masamu a miliri sankawawerengera anthu otere.

Apanso okonda masewero agawanika. Ena amanyada kuti cinthu cimene makolo ao ankaciyesa cotayitsa nthawi cinaphunzitsa madokotala. Ena amaseka, nati munthu wodziwa kuti adzauka sacita monga munthu woopa manda, cotero phunzirolo liri lacabe. Pamene COVID-19 inafika m'caka ca 2020 nkhaniyi inaukanso, ndipo atolankhani anapita kukafunsa Lofgren ndi Fefferman, amene pa nthawiyo anali kugwira nchito pa mliri weniweniwo. Kunena zoona, tinaona anthu othawa m'mizinda, anamwino odzipereka, ndi ena okana kumvera, monga momwe zinaliri ku Ironforge. Sindinena kuti masewero analosera zimenezi. Ndingoti anthu amene anasewera ndi amene anadwala ndi a mtundu umodzi.

Mbali imene ine ndiyesa yaikuru ndiyo ya wamphamvu wonyamula nthenda osamva kuwawa. Uyu ndiye woopsya kuposa wodwala wogona pamphasa, cifukwa amayenda. Kodi cilungamo cimati tim'cite ciani? Funsoli ndi lakale kuposa kompyuta. Ku New York kunali mai wina wophika, Mary Mallon, amene ananyamula tizirombo ta typhoid koma iye mwini osadwala. Mabanja amene ankawaphikira ankadwala. M'caka ca 1907 boma linamgwira ndi kumsunga pa cisumbu. Anammasula mu 1910 atalonjeza kuti sadzaphikiranso anthu, koma anabwerera ku nchito yophika ndi dzina lina, ndipo mu 1915 anamgwiranso. Anakhala pa cisumbupo kufikira imfa yace mu 1938. Ena amati anali wouma mtima. Ena amati anali mlendo wosauka wocokera ku Ireland, kuphika ndiyo nchito imene inkamdyetsa bwino, ndipo onyamula tizirombo ena amene anapezeka pambuyo pace sanatsekeredwe moyo wonse monga iye.

Kuno kwathu funso lofanana linafika ku bwalo la milandu. M'mwezi wa Epulo 2020 boma linalengeza kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21, koma Bwalo Lalikuru linaimitsa lamulolo, odandaula atanena kuti boma silinakonze cimene osauka adzadye. M'masewero kukhala pa wekha kumangotayitsa cisangalalo, ndipo ngakhale apo anthu anakana. Nanga mai wogulitsa tomato amene ana ace amadya za tsiku lomwelo? Pamenepa ndi pamene ndiona kuti masewero afupika. Ku Ironforge kunalibe njala, ndipo a Blizzard anali ndi cozimitsira dziko lonse ndi kuliyatsanso, cimene nduna ya za umoyo iribe.

Pali anthu amene anasewera masiku amenewo amene amati sanaonenso nthawi yokoma ngati ya mliri uja, cifukwa dziko longopeka linacita cinthu cimene palibe anacilamula. A Blizzard anabwerezanso zotere, tsopano mwa dala. M'mwezi wa Okotobala 2008, pokonzekera kugulitsa gawo latsopano la masewerowo, anaponya mliri wina umene unkasandutsa tianthu kukhala mitembo yoyenda, yoluma anzao. Amphamvu ambiri anakondwa kwambiri. A msinkhu waung'ono anadandaula kuti ali kulipira ndalama koma sangathe kugula kapena kuyenda mumzinda, ndipo patatha masiku owerengeka mliriwo unacotsedwa.