Alonda a M'magazi ndi Kutupa kwa Ana Pambuyo pa Mphere

Mwezi uno tiphunzira za alonda ena amene amakhala m'magazi mwathu. Madokotala amawatcha complement. Iwowa ndi mapuloteni oposa 30, ndipo ambiri amapangidwa m'chiwindi. Ntchito yao inaunikidwa bwino ndi Jules Bordet wa ku Belgium, amene anapatsidwa mphotho ya Nobel ya chaka cha 1919.

Kachirombo kakalowa m'thupi, alondawa amakamatirira, naitana maselo oyera a magazi kuti akameze, ndipo nthawi zina amakaboola mpaka kafe. Nanga bwanji sationonga ife eni? Chifukwa chake n'chakuti maselo athu ali ndi zotchinjiriza pakhungu pao, zimene zimaletsa alondawa msanga asanapweteke mwini nyumba. Alonda omwewa amathandizanso kuchotsa mwakachetechete maselo athu akufa, kuti thupi lisayambe kudana ndi ziwalo zake zomwe.

Koma mgwirizano umenewu umatha kusokonezeka, ndipo apa ndi pamene makolo muyenera kutchera khutu. Mwana wa mphere akamadzikanda, tizirombo totchedwa streptococcus timalowa m'zilondazo. Thupi limamenyana nato, koma kwa ana ena zotsalira za nkhondoyo zimakodwa m'timasefa ta impso. Alonda aja amathamangira komweko, ndipo m'malo mwa mdani amatupitsa impso za mwanayo. Izi zimachitika patapita masabata 3 mpaka 6, zilonda zitayamba kale kuuma, n'chifukwa chake ambiri saganizanso za mphere. Ena amathamangira kunena kuti mwana walodzedwa. Ayi ndithu.

Zizindikiro zake ndi izi: nkhope imatupa, makamaka m'zikope m'mawa, mkodzo umachepa ndipo umaoneka ngati tiyi wopanda mkaka. Musasokoneze ndi likodzo, pakuti magazi a likodzo kawirikawiri amatuluka ofiira pomaliza kukodza. Mwana wotere mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti akamuyeze mkodzo ndi kuthamanga kwa magazi. Akadandaula za mutu kapena akakomoka, musadikire kuti kuche. Chepetsani mchere m'ndiwo zake monga akuuzeni kuchipatala. Ana ambiri amachira kotheratu.

Mphere ikalowa m'nyumba, onse a m'banjamo alandire mankhwala nthawi imodzi, ngakhale amene sakumva kuyabwa. Chapani zovala ndi zofunda ndi sopo, muziyanike padzuwa, ndipo ana muwawenge zikhadabo.