Kumasula Fyuluta ya Oilo Imene Yakanirira

Eni galimoto ambiri a kumidzi amasintha okha oilo wa m'injini popeza galaja ili kutali. Ntchitoyi njosavuta, koma kawirikawiri fyuluta, ndiyo sefa ija imene imagwira zinyalala za mu oilo, imakana kumasuka. Chifukwa chake nchakuti amene anaiika anaimangitsa ndi sipanala, osapakanso oilo pa mphira yake. Tsono mphirayo inauma ndi kutentha nimamatira ku injini.

Poyamba mwini galimoto alize injini mphindi 5, aizimitse, nadikire kufikira fyuluta itafunda mosaotcha dzanja. Ngati ntchito ili ya pansi, asalowe galimoto itakhala pa jeke yokha. Aichirikize ndi zitsa zolimba. Apukute fyuluta ndi chiguduli, aikulunge ndi sandipepa kuti dzanja lisaterereke, napotoze monga atsekulira botolo. Munthu atagona chagada savuta kusokonezeka, ndipo ena amalimbitsa chimene akuyesa kumasula.

Ikakanabe, atenge sipanala ya lamba kapena ya tcheni. Lamba wakale wachikopa wopotedwa ndi chitsulo amathandizanso. Lambayo agwire kufupi ndi injini, pakuti kumeneko chitini cha fyuluta ncholimba. Pakati chimaphwanyika msanga. Akoke pang'onopang'ono, osati modzidzimutsa.

Alipo ena amene amaboola fyuluta ndi sikuludiraiva kuti apotozere. Njirayi njomaliza ndithu. Chitinicho nchopyapyala, chimang'ambika, ndipo chikang'ambika galimoto siingayendenso ngakhale kukafika kusitolo. Motero asayese zimenezi fyuluta yatsopano isanakhale m'manja.

Galimoto zambiri za masiku ano zili ndi fyuluta ya pepala yokhala m'nyumba yake ya chivundikiro cha pulasitiki. Chivundikirocho chimafuna sipanala yachipewa yoyenerana nacho bwino. Nyundo ndi tchizulo zisayandikirepo, chifukwa chikasweka mtengo wake uposa wa fyuluta kutalitali.

Fyuluta itachoka, ayang'ane ngati mphira yakale yatsalira pa injini. Mphira ziwiri zikasanjikizana oilo amatayika pa msewu, ndipo injini yopanda oilo imanoka. Apake oilo pa mphira yatsopano, amange fyuluta ndi dzanja lokha mpaka mphira ikhudze injini, kenaka awonjezere magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi. Atathira oilo watsopano alize injini, nasuzumire pansi kuona ngati pakudontha. Oilo wakale asungidwe m'chigubu, kutali ndi chitsime ndi dimba.