Kuyezetsa Mwana Asanabadwe ku England: Ufulu wa Mayi Woyembekezera

Kuyezako

Mayi aliyense woyembekezera ku England amafunsidwa ngati akufuna kuyezedwa magazi ndi kujambulidwa mimba ikakhala ya masabata 10 mpaka 14, pofuna kuona ngati mwana angabadwe ndi Down's syndrome, ulumali umene umachedwetsa kukula ndi kuphunzira. Zotsatira zake zimangosonyeza kuti vutolo likhoza kukhalapo, osati kuti lilipodi, ndipo wokana kuyezedwa sakakamizidwa kupereka chifukwa.

Pamene pagona mkangano

Lamulo la Abortion Act la 1967, monga linasinthidwira mu 1990, limalola kuchotsa mimba mpaka masabata 24, koma ngati mwana akuoneka kuti adzakhala ndi ulumali waukulu malirewo palibe. Heidi Crowter, yemwe ali ndi Down's syndrome, anasumira boma pa mfundoyi ndipo anagonja mu 2021 komanso pa apilo mu 2022. Omutsatira amati dziko silingalole malire osiyana potengera khungu la mwana, choncho kuwalola pa ulumali ndi tsankho lomwelo, pamene otsutsa amayankha kuti khungu silidwalitsa munthu ndipo wosenza udindo wolera ndi mayi. Nkhani ziwirizi, ya khungu ndi ya ulumali, zimakumana pa sickle cell, matenda a magazi otengera kumtundu amene ndi ofala mwa anthu ochokera ku Africa, matenda omwe zigawo zina za America zinkayeza anthu akuda mokakamiza cha m'ma 1970. Lamulo la Equality Act la 2010 limaletsa tsankho la mitundu yonse iwiri, koma limateteza mayi, osati mwana wosabadwa.

Machenjezo

Mayi akanena kuti mimba sachotsa, auze mzamba alembe mawuwo m'fayilo, pakuti pali amayi amene amafunsidwabe ulendo uliwonse ngati kuti yankho lawo silinamveke. Womasulira ndi waulere, ndipo kusaina pepala losamveka chifukwa choti wogwira ntchito ali pachangu ndi kutaya ufulu. Wouzidwa kuti adikire kalata asakhale chete, chifukwa sabata ya 14 ikadutsa kuyeza koyambako sikuthekanso. Ajambule pafoni pepala lililonse, popeza mapepala amasowa. Mlendo wochokera kunja kwa dziko akhoza kutumiziridwa bilu, koma thandizo la uchembere silikanizidwa kapena kuchedwetsedwa chifukwa chosowa ndalama, ndipo wopempha kangachepe m'manja akupalamula mlandu.

Kudandaula

Dandaulo likhoza kuyambira ku PALS, ofesi yothandiza odwala pachipatalapo, kenako lilembedwe miyezi 12 isanathe chichitikireni vutolo, ndipo yankho likapanda kukhutiritsa lipite ku ofesi yoona madandaulo ya Parliamentary and Health Service Ombudsman.