Mwana wosankhidwa kukayankhula za udindo wa nzika

Talandira kalata yochokera kwa mayi wina wa ku Ntchisi, amene akuti mwana wao wamkazi wa Fomu 3 wasankhidwa kukapikisana ndi anzake poyankhula za udindo wa nzika m'Malamulo Aakulu a dziko, koma iwo mtima uli m'mwamba, poti mwanayo ngwamanyazi, ndiponso akuopa kuti zimenezi n'zandale.

Mayi athu a ku Ntchisi, mtima ukhale m'malo. Malamulo amenewa, amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1994, sali a chipani ayi. Ndipo ngakhale ambiri timathamangira Mutu 4 wonena za ufulu, Gawo 12 limatikumbutsa kuti munthu aliyense ali ndi mangawa kwa banja lake, kwa anzake ndi kwa dziko, ndi kuti alemekeze mnzake mopanda tsankho. Mwanayo asaloweze mawu ngati ndakatulo, koma anene zimene maso ake aona: mjigo wa m'mudzi wosowa ousamala, kapena mkulu wake amene anakwanitsa zaka 18 nakhala pakhomo tsiku loponya voti. Kunena za manyazi, kuona maso a nkhono n'kudekha; madzulo mukatha kudya, aziimirira pabwalo nayankhula pamaso pa agogo ake, amenetu sanyengerera munthu.

Inunso makolo nonse mukumvera, tsiku lotere likafika, siyani khasu mukamumvere mwana wanu.