Mapaipi a kopa kapena a pulasitiki?

Funso: Ndimakhala ku Leeds ndipo ndikukonzetsa bafa. Pulambala wina akufuna kuika zolumikizira za pulasitiki zongokankha, mnzake akuti kopa basi. Ndimvere uti? Mayi wa ana awiri.

Yankho: Mayi, onse awiri ali ndi mfundo. Cholumikizira chongokankha, monga Speedfit kapena Hep2O, chili ndi mano achitsulo ogwira paipi ndi kamphete ka rabala kotseka madzi. Sichifuna moto, n'chifukwa chake apulambala amachikonda pansi pa matabwa ndi m'malo opanikiza, momwe lawi lowotcherera kopa lingayatse nyumba. Ntchito imathanso msanga.

Koma chikadontha, kawirikawiri vuto ndi dzanja la woika. Paipi iyenera kudulidwa mowongoka ndi chodulira chake, osati sowo, alowetsemo kachubu kolimbitsa kumapeto, kenako aikankhe mpaka ifike penipeni. Akaphonya chimodzi, denga la m'munsi lidzanyowa. Makoswe nawonso amatafuna pulasitiki, ndipo dzuwa limaiwononga.

Kopa wowotcherera bwino amakhala zaka makumimakumi, amapirira kutentha ndipo amaoneka bwino poyera. Pafupi ndi boyila pafunika kopa, ndipo paipi ya gasi isalumikizidwe ndi pulasitiki yongokankha ngakhale pang'ono. Ntchito imeneyo ndi ya munthu wolembetsedwa ku Gas Safe.

Ine ndingaike kopa poonekera, pulasitiki pobisika koma pofikirika. Pulambalayo asanatseke khoma, muuzeni ayese mapaipiwo ndi mphamvu ya madzi inu mukuona.