Dziwani ufulu wanu: Mmisiri akathawa ntchito ili pakati

Ku Sakubva, Dangamvura ndi Chikanga mumzinda wa Mutare, si zachilendo kuona nyumba yosasulidwa denga, mwini wake akungoyang'ana mitambo chifukwa mmisiri adalandira ndalama n'kuzimitsa foni.

Ambiri amathamangira kupolisi, komwe kawirikawiri amauzidwa kuti kuphwanya pangano ndi nkhani ya kukhoti. Apolisi amalowererapo pakakhala umboni woti mmisiriyo adatenga ndalama mwachinyengo, alibe n'cholinga chomwe chogwira ntchitoyo.

Lamulo la Consumer Protection Act la 2019 limapatsa wogula ku Zimbabwe ufulu wolandira ntchito yabwino komanso yotha pa nthawi yake. Ngakhale pangano lapakamwa ndi pangano ndithu, kungoti limavuta kutsimikizira. N'chifukwa chake mauthenga a EcoCash ndi WhatsApp, malisiti a simenti ndi zithunzi za pomwe ntchito idalekera sizofunika kutaya. Mwini nyumba ayambe walembera mmisiriyo kalata yomupatsa tsiku lomalizira ntchito kapena kubweza ndalama. Akapanda kuyankha, mmisiri wina awerengere mtengo wa ntchito yotsalayo asanakhudze njerwa ngakhale imodzi, popeza chiwerengero chimenechi n'chomwe khoti lidzafune.

Dandaulo lingapite ku Consumer Protection Commission. Ndalama zikakhala zochepa, khoti la Small Claims limamva mlandu popanda kufunika loya, ndipo wogonja akakana kulipira, Messenger of Court angamulande katundu.

Koma kuzengereza n'koopsa. Malinga ndi Prescription Act, ngongole yotere imafa pakatha zaka 3.