Kuzindikira Siliva Weniweni

Mawu oyamba

Kwathu ku Nselema m'boma la Machinga anthu ambiri ndi Asilamu, ndipo chiphunzitso cha Chisilamu chimalola mwamuna kuvala mphete ya siliva osati ya golide. N'chifukwa chake mawu akuti "siliva" amamveka kawirikawiri pamsika pathu. Chimene chidandichititsa kufufuza za chitsulochi ndi mphete imene amalume adagula kwa munthu wina woyendayenda atawatsimikizira kuti ndi siliva wochokera ku Joni. Mwezi usanathe, kuwala kwake kudasupuka ndipo pansi padaoneka chitsulo chachikasu. Ndalama zawo za nandolo zidapita choncho.

Tanthauzo la 925

Siliva wosasakaniza ndi china chilichonse ndi wofewa kwambiri moti mphete yake imapindika ndi kukalika msanga. Kotero amisiri amamusakaniza ndi chitsulo china, makamaka mkuwa, kuti alimbe. Msakanizo wodziwika padziko lonse ndi umene Angerezi amautcha sterling silver. Pa magawo 1,000 aliwonse, magawo 925 amakhala siliva ndipo 75 otsalawo ndi mkuwa. Mwachitsanzo, mphete yolemera magalamu 10 imakhala ndi magalamu 9.25 a siliva. Apa ndi pamene pamachokera nambala ya 925 yodindidwa mkati mwa mphete kapena pa kolowekera ka mkufu. Nambala ya 999 imasonyeza siliva pafupifupi wosasakaniza.

Muyeso umenewu ndi wakale. M'chaka cha 1300, Mfumu Edward I ya ku England idakhazikitsa lamulo loti zinthu za siliva ziziyesedwa ndi kudindidwa chizindikiro zisanagulitsidwe. Ndalama za siliva za ku Britain zidali za muyeso wa 925 mpaka 1920 pamene siliva adachepetsedwa kufika theka, ndipo mu 1947 adachotsedwamo.

Kuda sikutanthauza chinyengo

Agogo anga aakazi amasunga m'kachitini shilingi ya ku Southern Rhodesia ya m'ma 1930, imodzi mwa ndalama zimene zinkagwiranso ntchito ku Nyasaland. Kwa zaka zambiri ndinkaiona ngati chinthu chachabe chifukwa idada. Ndidadabwa nditawerenga kuti ndalama za mtunduwu za nthawi imeneyo zidali za siliva wa 925. Siliva sachita dzimbiri lofiira ngati khasu, koma amada akakumana ndi sulufule wopezeka mumpweya ndi m'zakudya monga mazira. Kuda kumeneku kumakhala pamwamba pokha. Nditapukuta shilingiyo ndi kansalu kofewa ndi soda pang'ono, idayambanso kuwala. Chowala cha amalume chidali chabodza, pamene chakuda cha agogo chidali chenicheni.

Njira zoyesera

Poyamba, wogula ayang'ane nambala ya 925, koma asadalire iyo yokha popeza wachinyengo akhoza kuidinda pa chilichonse. Chachiwiri, ayandikize maginito. Siliva sakokedwa ndi maginito, choncho mphete ikamamatira ndiye kuti si siliva. Komabe mkuwa nawonso sukokedwa, kotero mayesowa amagwira mbala zina n'kusiya zina. Chachitatu, aonetsetse m'mbali mopekesekamo ngati simukuoneka mtundu wina, chifukwa zinthu zambiri zimangokutidwa ndi siliva pamwamba. Chachinayi, asamale ndi mayina. Chimene chimatchedwa German silver kapena nickel silver ndi msakanizo wa mkuwa, nikelo ndi zinki, ndipo mulibe siliva ngakhale pang'ono. Chachisanu ndi mtengo: siliva amagulitsidwa potengera kulemera kwake, ndiye mphete yaikulu yotchipa ngati chibangili cha pulasitiki ndi yokayikitsa. Chitsimikizo chenicheni chimachokera kwa mmisiri woyesa ndi asidi kapena makina.

Mawu omaliza

Nditawafotokozera zonsezi, amalume adangoti, "Mphwanga, ukadandiuza kale." Sindikadatha, pakuti nanenso sindinkadziwa. Masiku ano akamapita kumsika amatenga kamaginito kamene adachotsa m'sipika ya wailesi yakale. Shilingi ija agogo adaibweza m'kachitini, ndipo adandichenjeza kuti ndisauze aliyense pamene pali kachitiniko.